Mmene Ndinatsekera Dimba la Apongozi Kumtambo

Mukadzafika ku Fingowe n'kumva anthu pamsika akunong'onezana kuti uyo akudutsayo ndiye Kadeyadu, musavutike kufunsa, akunena ine. Kadeyadu ndi loko m'Chipwitikizi chathu cha kuno, ndipo dzinali sanandipatse pondilemekeza. Nkhani yake ndasankha kuifotokoza ndekha chifukwa ena akamaifotokoza amathira mchere wambiri, n'kusiya dala mbali imene ikuonetsa kuti olakwa tinalipo ambiri. Ndikulemba mtima ukuwawabe, ndiye mukaona pena ndakalipa musadabwe.

Ine ndine mkamwini. Ndinakwatira m'mudzi wina kunja pang'ono kwa Fingowe, ndipo chakudya chimene chinanenepetsa masaya angawa chinkachokera m'dimba la apongozi anga, m'mbali mwa kamtsinje kamene sikauma ngakhale dzuwa litakwiya bwanji. Munali tomato, mpiru, nzimbe, nthochi, ndi chimanga chachiwisi nthawi imene anzathu akudya gaga. Dimbalo analitsegula ndi apongozi aamuna ali mkamwini ngati ine, pamalo pamene panali bango lokhalokha, ndipo chaka cha chilala ndilo linkaimika banja lonse pa miyendo. Kuwonjezera pa ukamwiniwo ndine mlembi wa asosiyasawu, gulu lathu la alimi (anandisankha chifukwa ndimalemba pa komputadoro ndi zala ziwiri, pamene ena onse amalemba ndi chimodzi).

Mavuto anabwera ndi golide. Okumba atachuluka m'dera lathu, munthu unkangodzuka m'mawa n'kupeza dzenje m'munda mwako, mkati mwake muli mlendo akukupatsa moni ngati iwe ndiwe wabwera kudzacheza. Tsono bungwe lina lothandiza alimi linatitumizira tekinika, katswiri woyeza minda, kuchokera ku Tete, mayi wachitsikana dzina lake dona Selesite, kuti tiyeze minda yonse ndi telefoni yapadera. Tinkayenda m'malire, kujambula mitengo ndi miyala yake, n'kujambulanso mawu a eni minda ndi oyandikana nawo akuvomerezana kuti pano ndi pa uje, apo ndi pa uje. Apongozi aamuna anayenda nafe dimba lonse ndi ndodo yawo, akuloza malire, ndipo a Sitefano, msuweni wa apongozi aakazi amene munda wawo uli pafupi, ankavomera ndi pakamwa pawo. Tisanakolole chaka chimenecho, apongozi aamunawo anatisiya.

Anthu akaona telefoni ikuwamvetsera amamasuka pakamwa mopitirira muyeso. Ena ananena pamene pali manda a makolo, ena pamene pali kasupe wobisika, ndipo ambiri ananong'ona pamene anaonapo mchenga wonyezimira m'munda mwawo. Zoterezi zikanafika m'makutu mwa ogula golide, midzi yathu ikanasanduka maenje okhaokha. N'chifukwa chake dona Selesite anatisonkhanitsa kuti atiphunzitse kasungidwe kake.

Anati zonse zichoka m'telefoni muja zipita kumtambo, ndipo telefoniyo aifufuta isanapite kukayeza kwina. A Tembo, pulezidenti wathu, anayang'ana kumwamba, ine n'kuwaseka mokweza (ngakhale kuti nanenso ndinali nditasuzumirako mwakabisira). Mtambowo, iye anafotokoza, ndi makomputadoro akuluakulu a eni ake amene ali kutali kwambiri, osungira anthu zinthu kuti moto, chiswe kapena mbala zisazipeze. Koma popeza nkhokweyo si yathu, zinthu zathu tizitumiza zitasokonezedwa kale, chilembo chilichonse chitasandulizidwa, moti ngakhale mwini nkhokwe atatsegula angoona zopanda mutu. Chozibwezera m'malo mwake ndi senya, mawu achinsinsi amene tisankhe tokha. Anabwereza kangapo kuti senya ikatayika palibe munthu padziko angatsegule, ngakhale iyeyo, ngakhale amene anapanga makinawo. Ndiye anapempha kuti pakhale senya ina yodikira ngozi, aisunge ku ofesi kwawo ku Tete.

Apa m'pamene ndinaimirira. Ndinalankhula ngati munthu wofuna mavoti. Ndinati zinsinsi za minda ya dera lathu la Maravia sizingakagone m'kabati ya anthu a ku Tete, amene sadziwa n'komwe kuti khasu amagwira mbali iti. Anthu anaomba m'manja, ndipo manjawo anandilowa m'mutu. Kenaka ndinatulutsa nzeru imene ndinkaiyesa ya chaka. Bokosi la gulu la amayi a kwathu limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake amasunga anthu atatu a nyumba zosiyana kuti wina asatsegule yekha, ndipo sitinamvepo kuti labedwa. Bwanji senya yathu tiidule patatu chimodzimodzi? Aliyense aloweze chigawo chake pamtima, tsiku lotsegula tizibwera tonse, uyu alemba chake, uyu chake. Dona Selesite ananena kuti n'zotheka koma akuopa. Ndinamuyankha kuti mantha ndi a anthu a m'tauni.

(Mpaka lero ndimakwiya naye mayi ameneyu. Munthu wophunzira amagonja bwanji msanga chotero kwa mkamwini wolemba ndi zala ziwiri? Akanalimbikira pang'ono chabe.)

Atatuwo tinali a Tembo, mayi Luwiza amene ndi msungichuma wathu, ndi ine. Malangizo anali omveka bwino: osatenga dzina la mwana, la mkazi kapena la mudzi, osalemba papepala, osauza munthu. Ine ndinatsata zonse ngati wophunzira ubatizo. Ndinasankha mawu osagwirizana m'pang'ono pomwe, oti ngakhale mfiti itandilowa m'mutu ituluke itasokonezeka. Akazi anga, amake Joze, anandifunsa mwachikondi kangapo, ine n'kuwauza kuti zinthu za ofesi sizilowa kuchipinda. Anakhala kanthawi osandisekerera, koma ine ndinkayenda chifuwa chili patsogolo. Mkamwini sapatsidwa kawirikawiri chinthu choti mudzi wonse uzimudalira, ndiye ndikachipeza mundilole ndinyade.

Anzanga aja ndiwo anandiphera ntchito. Mayi Luwiza, poopa kuiwala, anapeka kanyimbo n'kuikamo mawu awo, n'kumakang'ung'udza potunga madzi. Mwatsoka kanyimboko kanali kokoma. Amayi a kwaya anakatola, a kuchigayo anakatola, posakhalitsa kankaimbidwa popeta ndi posinja m'midzi yonse. A Tembo nawo anasankha mayina a ng'ombe zawo, poti malangizo anatchula ana ndi akazi koma sanatchule ziweto. Akalawa pang'ono ankaima pakati pa anthu n'kulengeza kuti chinsinsi cha dera lonse chili m'khola mwawo, wofuna akafunse ng'ombe.

Ndinapsa mtima koopsa. Ndikamva kanyimbo kaja ndinkatseka makutu ndi manja pakati pa msewu, chifukwa sindinkafuna kuti chigawo cha wina chilowe m'mutu mwanga. Ndinaitanitsa msonkhano woti tisinthe senya yonse, ndipo pokonzekera ndinapeka mawu anga atsopano, okhwima kuposa akale, n'kuwaloweza. Msonkhanowo unalephereka chifukwa cha maliro. Ndinapekanso ena, poganiza kuti mwina aja ndinawatchula kutulo amake Joze ali maso. Msonkhano unalepherekanso, a Tembo akuti ng'ombe zawo sizinalakwire munthu. Ndinapekanso ena chifukwa cha mkwiyo basi. Senya sinasinthidwe, koma m'mutu mwanga munadzaza mawu ngati thumba la nyemba zosakaniza. Nthawi imeneyo sindinaone vuto lililonse. Ndinkangodziona kuti ndine munthu yekhayo wosamala mu asosiyasawu yonse.

Mvula itayamba, a Sitefano aja anabwera ndi patarawu wina, bwana wogula golide, n'kukhoma zikhomo pakati pa dimba la apongozi. Anati mbali ya kumtsinje ndi yawo kuyambira kale, malemu anali mkamwini chabe, ankangobwereka, ndipo iwo alola anthu a patarawuyo kuti atsukepo mchenga. Apongozi sanalire, sanakuwe. Monga mwa ulemu wa pachipongozi, anatuma mwana wawo kudzandifunsa ngati mawu a malemu aja akadalipo kumene ndinawatumiza. Ndinayankha modzitama kuti akawauze agone tulo, a Sitefano adzadzimva okha akuvomera malire pamaso pa anthu. Nkhani inapita kwa oona za malo, ndipo tsiku linaikidwa loti adzaimve pabwalo ku Fingowe.

Kudzitama kwanga kuja kunawafika a Sitefano, ndipo anachita mantha, poti ankadziwa chimene ananena m'telefoni muja. Anatumiza munthu kudzapempha kuti tikambirane pachibale: awapatse kangodya kamodzi kumunsi kwenikweni, kumene kumamera bango, iwo azule zikhomo zawo nkhani ithe. Apongozi anali okonzeka kuvomera. Ine ndinakana. Ndinauza amake Joze kuti akawauze amayi kuti munthu amene ali ndi umboni m'manja sagawana ndi wakuba, ngakhale bango limodzi. Mbali imeneyi anthu a pamsika saiiwala akamafotokoza, ndiye ndaiika ndekha asanandiikire.

Tsiku likuyandikira, ndinamva kuti a Tembo anapita ku Chiputo kukaona mlongo wawo wodwala, mvula n'kuwatsekera komweko. Amene mumaidziwa njira ya ku Chiputo m'dzinja mukumvetsa, amene simuidziwa thokozani Mulungu. Telefoni yawo sinkagwira. Ndinagwirizana ndi a Beneditu, bambo amene amanyamula anthu ndi katundu pa mota, njinga yamoto, m'njira zimenezo, ndipo tinanyamuka m'mamawa. Tinaikankha motayo kuposa mmene inatinyamulira. Pamtsinje wina wodzaza tinayesa kuoloka, madzi anatigwetsa, nsapato yanga imodzi inayamba yokha ulendo wa ku Zambezi, ine n'kutuluka matope mpaka m'makutu. Kutsidya kunali kosafikika. Titakhala pamwala kuti tipume, a Beneditu anandifunsa mofatsa chimene ndikuwafunira a Tembo mwachangu chotero. Nditawauza, anagwira pamutu.

"Shii, a sekeretariyu, ndiye tafera zimenezi? Senya ya a Tembo saidziwa ndani? Mukanandifunsa pamsika pomwe paja, bwenzi ndakuuzani muli pouma."

Anayamba kutchula mayina a ng'ombe, ine ndikukuwa kuti aleke, n'zoletsedwa, mwini wake yekha ndiye ayenera kulemba. Iwo anamaliza ndithu, n'kuwonjeza kuti ija inafa ndi chigodola imabwera pachiwiri. Njira yonse yobwerera ndinkatukwana a Tembo ndi ng'ombe zawo, zamoyo ndi zakufa zomwe.

Tsiku la mlandu pabwalo panadzaza. Panali mkulu woona za malo, bambo wodekha wa magalasi. A Sitefano ndi patarawu wawo anakhala pa mipando ya pulasitiki, okumba golide ataima kumbuyo kwawo, ndipo apongozi anakhala pamphasa pakati pa amayi, atafunda nsalu ya kapulana yakuda. Ine ndinafika nditavala malaya oyera ndi nsapato zobwereka, komputadoro ya asosiyasawu ili m'khwapa. Ndinaiika patebulo pakhonde pa ofesi, pamene redi, netiweki ya telefoni, imagwira bwino. A Sitefano ataiona anayamba kupukuta thukuta ndi chipewa, ndipo zimenezo zinandikoma kwambiri. Ndinayamba ndi mawu ochepa ofotokoza kuti zimene muone pano zatetezedwa moti ngakhale mbala za kunja sizingazinunkhize. (Palibe amene anandipempha kulankhula.)

Mayi Luwiza anabwera kudzalemba chigawo chawo, koma anapeza kuti mawuwo satuluka popanda kuimba. Anayamba motsitsa, amayi a pamphasa anavomera, wina kumbuyo anayamba kuomba m'manja, ndipo mkulu wa magalasi uja ndinamuona phazi likugwedera pansi pa tebulo. Chinatsatira chigawo cha a Tembo, mwini wake kulibe. Ndinameza malovu pamodzi ndi ulemu wanga, n'kupempha a Beneditu kuti asendere pafupi. Sanafunike n'komwe. Bwalo lonse linatchula ng'ombezo pamodzi ngati ana a sukulu, ndipo pamene ena anasemphanitsa mayina, amene anawakonza anali patarawu yemwe uja, munthu amene tinkamubisira zonsezi.

Ndinayang'ana anthuwo ndi diso lowauza kuti mwaona, pakanapanda ine chinsinsi chonsechi chikanakhala pambalambanda. Ndinawalamula kuti atembenuke. Ndinafunditsa komputadoro ndi jekete n'kulowetsa mutu mkati ngati wodzifukiza mankhwala a chimfine.

Ndinaika zala ziwiri zija pa zilembo. M'mutu munabwera mawu ambiri, onse odziwika, onse akuti ndine, ndine. Ndinalemba amene anafika poyamba. Makina anakana. Ndinaseka pang'ono m'jekete muja, n'kuuza anthu kuti chala chaterereka. Koma poti senya ndi imodzi, ikalakwika kumapeto mumayambiranso pachiyambi. Amayi anaimbanso. Ng'ombe zinatchulidwanso. Ndinalowanso m'jekete ndi mawu ena, anakananso. Ulendo wotsatira nyimbo inali itayamba kutha mchere, ndipo ng'ombe ankazitchula ngati akuziitana kuchokera m'munda wa wina. Kenaka makina analemba kuti tidikire kaye, chifukwa zikuoneka kuti pali wakuba amene akuyesa mwayi. Mkulu wa magalasi anawerenga zimenezo mokweza, n'kumasulira m'Chinyanja kuti onse amve (sindikudziwa chimene ndinamulakwira bambo ameneyu).

Malaya oyera aja ananyowa n'kumata pamsana. Anthu anayamba kundithandiza, ndipo palibe chinthu chowawa ngati kuthandizidwa ndi anthu amene akudziletsa kuseka. Wina anati ndiyese dzina la mayi anga. Wina anati ndiyese la chibwenzi changa chakale, n'kulitchula, akazi anga ali pomwepo. A Sitefano anali atasiya kupukuta thukuta, atavala chipewa chawo, atapinda mwendo. Amake Joze anadzuka pamphasa, anabwera ndi chikho cha madzi n'kugwada pambali panga.

"Bambo a Joze, mwaiwala?" anandinong'oneza.

"Sindinaiwale. Ndikukumbuka ambiri."

"Mukanandiuza ine tsiku lija, bwenzi pano ndikukunong'onezani. Taonani amayi."

Sindinathe kuyang'ana kumphasa kuja. Ndinapempha nthawi, ndinazemba kuseri kwa nyumba n'kuimbira dona Selesite. Ndinayamba mwaukali, kuti makina awo ndi achabechabe, atichititsa manyazi pagulu. Anandimvetsera mpaka ndinatopa, n'kundifunsa ngati tinasiya senya yodikira ngozi kwina kulikonse. Yankho lake ankalidziwa. Ukali unatha, ndinayamba kupempha. Ndinati alankhule ndi eni mtambowo, awauze kuti pali mayi wamasiye amene alandidwe dimba lero lomwe.

"Sinyoro sekeretariyu, eni mtambowo zinthu zanu ali nazo, koma kwa iwo ndi zinyalala za zilembo. N'zimene tinkafuna. Akanatha kukutsegulirani inu, akanathanso kumutsegulira patarawuyo. Pepani kwambiri."

Ndinafuna kuponya telefoni m'tchire. Chimene chinandiwawa n'choti ankanena zoona, ndipo ankazinena mwaulemu, osandisiyira ngakhale pogwira poti tikangane.

Mkulu uja anandipirira mpaka dzuwa linapendeka. Ndinayesa mawu onse amene ndinapekapo, ndinawasakaniza, ndinawatembenuza, makina akungowonjezera nthawi yodikira. Amayi anasiya kuimba, mayi Luwiza anasasa mawu. Pamenepo mkuluyo anati popeza umboni wa m'makina sukutuluka, amva mboni za pakamwa. Malemu sakanadzuka kudzalankhula. Oyandikana nawo amene anayenda nafe m'malire tsiku lija, ambiri ana awo anali atayamba kale kutsukira mchenga patarawuyo, ndiye kukumbukira kwawo kunachita nkhungu. Mmodzi anati malire anali pamkuyu, wina anati mwina pachulu, wina anati tsiku limenelo maso ankamuwawa. A Sitefano analumbira osaphethira, ndipo za kangodya ka bango kaja sanazitchulenso. Potsiriza mbali ziwirizo anazigwirizanitsa kuti dimba ligawidwe pakati, kumtsinje kwa a Sitefano, kumtunda kwa miyala kwa apongozi. Apongozi anadinda chala, anapukuta inki pa kapulana, anapinda mphasa yawo n'kuyamba ulendo wa kumudzi osacheuka.

Kunyumba palibe amene anandikalipira, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Chakudya chinkabwera nthawi yake, madzi osamba ankabwera ofunda, koma pabwalo ndikafika nkhani zinkatha. Amene ankakalipa ndi ine. Ndinakalipira a Tembo atabwerako ku Chiputo, iwo n'kundifunsa modabwa ngati chigawo chawo chinasowa. Nditati chinapezeka, anafunsa kuti nanga mlandu wawo uli pati. Ndinakalipira mayi Luwiza, iwo anati mawu awo akuwakumbuka mpaka pano, n'kuyamba kuimba kuti nditsimikize. Mpaka lero ndimaumirira kuti anthu awiriwa akanapanda kuulula, ine sindikanapeka mawu ena, ndipo akale aja akanakhala okha m'mutu mwamtendere. Ndikanena zimenezi anthu amagwedeza mutu mwachifundo ngati akumvera wodwala, ndipo chifundo chimenecho chimandiwonjezera ukali.

Kudimba ntchito inayenda mofulumira kuposa kulima kulikonse kumene ndinaonapo. Mvula isanathe nthochi zinadulidwa, nzimbe zinazulidwa, mkuyu unagwa, dothi lakuda lija linapita ndi madzi otsukira mchenga. Kamtsinje kanasanduka phala lofiira. Ife tinayesa kubzala kumtunda kwa miyala kuja, madzi tikusenza pamutu, tomato n'kubereka tating'ono ngati nthula.

Miyezi ingapo itapita, m'chilimwe, ndinali kupopa njinga kuseri kwa nyumba, osaganiza kalikonse. Mkono ukukwera ndi kutsika, ndinangomva pakamwa panga pakutchula mawu motsatana ndi pompa, lina pokankha, lina pokoka. Ndi mmene ndinawalowezera pachiyambi penipeni, ndikupopa njinga yomweyo. Anabwera onse, mwadongosolo, ngati sanachokepo. (Musayembekeze kuti ndikuuzani. Ine si a Tembo.) Ndinawatukwana mawuwo mokweza mpaka nkhuku zinathawa. Ndinawafunsa kumene anali tsiku limene ndinkawafuna.

Ndinapalasa mpaka ku Fingowe, ndinatenga komputadoro n'kukhala ndekha pakhonde paja. Sindinafunike kuitana munthu. Ndinaimba kanyimbo ka mayi Luwiza chamumtima, ndinatchula ng'ombe, ndinalemba mawu anga. Zinatseguka nthawi yomweyo, mosavuta ngati chitseko cha khitchini. Zonse zinalimo, palibe chimene chinasowa, palibe mbala imene inakhudzapo. Ndinapeza dimba lathu, mzere wa malire ukuzungulira mpaka kumadzi, ndi chithunzi cha malemu atatsamira ndodo pansi pa mkuyu. Ndinatsegula mawu. Malemu anatsokomola kaye monga ankachitira asanalankhule chachikulu, n'kunena kuti kuyambira pamkuyu pano mpaka kumadzi ndi pa ana anga. A Sitefano anamveka bwinobwino akuti n'zoona alamu, palibe angatsutse.

Magazi anandiwira. Ndinaika komputadoro m'thumba ili chitsegulire, n'kupalasa kubwerera kumudzi ndikukonza m'mutu mawu amene ndikalankhule pabwalo tikautsa mlandu. Amake Joze ndinawapeza kumtunda kwa miyala kuja akuthirira tomato. Ndinawaitana, ndinawauza kuti ndakumbuka, ndinawatsegulira. Anakhala pa ndowa n'kumvetsera mawu a bambo awo mpaka kumapeto, manja ali pamaondo. Ine ndinayamba kufotokoza za kubwerera kwa oona za malo, za manyazi amene a Sitefano achite, za dzina langa limene liyeretsedwe. Analoza ndi chibwano kumunsi, kumene kunali maenje odzaza madzi ofiira, okumba atasamukira kale pena.

"Akatibwezera chiyani, bambo a Joze? Maenjewo?"

Ndinati ngakhale zili choncho amayi ayenera kumva, adziwe kuti mkamwini wawo sananame, mawu analipodi.

"Amayi angoyamba kumene kugona tulo," anatero. "Akamva abambo akutchula mkuyu, mkuyuwo kulibe, mukuti tidzawatonthoza ndi chiyani? Bwerezaninso pamene akutsokomola paja, kenaka mutseke."

Ndinabwereza, anamvetsera atatsinzina, ndipo ndinatseka. Pa kutseka pokha, ku Maravia kuno palibe amene angandiphunzitse.